Mpumiro

Dokotala wa pa boma anati, siyani choko, aphunzitsi.
Ndinaseka mpaka chifuwa chinayamba likhweru lake.
Iye sanaseke.
Analemba m'kabuku kanga ka chipatala
zilembo zonga mapazi a nkhuku pamatope,
ndipo ine, amene ndimadula malikisi awiri
mwana akaiwala mpumiro,
ndinapinda kabukuko mwaulemu n'kuthokoza.

Mphumu ilibe odi.
Imafika cha m'ma thuu koloko usiku,
malata akadali kutulutsa kutentha kwa Okutobala,
n'kundikhalira pachifuwa ngati thumba la simenti.
Chagada sindingagone.
Ndimatsamira khoma, tochi ya foni kumanzere,
buku pamaondo.
Zaka khumi ndi zinayi ndawerenga chonchi,
tsamba limodzi, kapope kopumira kawiri, tsamba lina.
Lina ndinabwereka ku laibulale ya pa boma,
lina ndinagula pansi pa mtengo pafupi ndi depoti,
pakati pa maloko ndi mankhwala a makoswe.
Limenelo chiswe chinadya masamba ake omaliza
moti mpaka lero sindidziwa
ngati mayi wa m'nkhaniyo anakwera basi ija.
Usiku wina ndimamukweza.
Mpweya ukavuta ndimamusiya pa siteji, katundu kumutu,
kuti tidikire limodzi
mpaka mwazini aitane ku mzikiti wa kuseri kwa msika.

M'mawa Sitandade 7, ana makumi asanu ndi anayi,
ena pa desiki, ambiri pansi.
Ndinalemba pa bolodi nditatembenuzira nkhope kumbali:
Chimangirizo. Phokoso limene ndimalidziwa bwino.
Twaibu analemba za chigayo cha kwa Mponda.
Ajibu, za tcheni cha kabaza wa mkulu wake
chikamadumpha pokwera mlatho wa pa Shire.
Atatu anakopera Ajibu, ndi zolakwa zomwe.

Sauda, amene amaganiza m'Chiyao
n'kumalemba m'Chichewa pang'onopang'ono
ngati wosenza madzi odzaza ndowa,
anadzaza tsamba lonse ndi theka:
chifuwa cha aphunzitsi athu chimalira ngati mphaka
wotsekeredwa m'kabati akamawerenga amaima pakati
pa mawu ife timadikira wina satsokomola wina
sayankhula mpaka mawu aja atuluke ine ndimapuma
mwamphamvu kuti mwina wanga uwafikire

Mpumiro panalibe ngakhale umodzi.
Mpatuliro, ayi.

Ndinaliwerenga mokweza ndekha mu ofesi,
cholembera chofiira m'dzanja,
ndipo paliponse pamene mpweya unandithera
ndinadontheza kadontho.
Pambuyo pa mawu atatu. Pambuyo pa awiri.
Tsambalo linachita ngati lagwidwa chikuku.

Atalandira kope lake analiyang'ana nthawi yaitali.
Aphunzitsi, mwachulutsa, anatero.
Ndinati mpumiro ndi pamene wowerenga amapumira.
Anati, ndiye awa ndi anu. Anga ndiika mawa.

Sanaike.
Koma Lolemba ndinapeza bolodi litapukutidwa
ndi kansanza konyowa, lakuda bii,
fumbi lonse litagona pansi,
ndipo palibe anavomera kuti ndi iye.

Ku famase akuti timapope tatha, bwerani Lachinayi.
Lachinayi lapitalo ananenanso chomwecho.
Pa benchi ya odwala ndimachonga makope,
mayi wa pambali panga akusuzumira,
akufunsa ngati zofiirazo ndi zabwino kapena zoipa.
Ndimati zimatengera.

Buku lodyedwa ndi chiswe lija ndampatsa Sauda.
Ndamuuza kuti mathero palibe, alembe yekha,
masamba awiri, inki yabuluu, pofika Lachisanu.
Wandifunsa ngati mayiyo akwere basi kapena ayi.
Ndinafuna kuyankha,
koma chifuwa chinanditsekera pakhosi,
ndipo iye anaima pakhomo, buku kukhwapa,
kudikira.