Cholembera Chofiira cha a Namakhwa

Dzulo mayi a kunyumba kwanu anandiitana ku Chilomoni.
Anandipatsa envulopu yakhaki, yothimbirira m'ngodya,
dzina langa pamwamba, m'zilembo zanu zopendekeka zija
ngati anthu okwera chitunda cha ku Ndirande atasenza makala.
Anati, "Inali pansi pa mabotolo a mankhwala. Ndi yanu."
Sindinaitsegule pomwepo.
Ndinamwa tiyi, ndinafunsa za denga lodontha,
envulopu ili pamwendo, ikunditentha.

Aphunzitsi, mukukumbuka chaka choyamba?
Tinabwera ndi mawu aatali otola m'madikishonale,
tikutsimphina nawo ngati nsapato zobwereka pa ukwati.
Inu munavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi,
n'kufunsa, "Mawu awa ndi ako, kapena wabwereka?
Ngati wabwereka kabweze, mwini wake akuwafuna."
Kalasi yonse inafa nacho chiseko.
Ine ndinakudani masabata atatu.

Lachinayi lina munatitulutsa panja,
kutiyendetsa wapansi mpaka pa siteji ya pa Kwinzi.
"Tsekani makope. Tcherani khutu."
Kondakitala akukuwa, Limbe-Limbe, watsala mmodzi!
mayi wa nthochi akukanirira mtengo kwa nesi,
mlaliki wa Baibulo losasuka akulimbana ndi hutala.
Munati, "Mnyamata uyo akudziwa popumira mzere.
Inu simudziwa. Kaphunzireni kwa iye."

Sindinama pamaliro, munatiletsa.
Munkasunga mapepala athu mpaka mvula kubwera n'kupita.
Zaka ziwiri munkanditchula Esinati
pomwe ine ndine Ndaziona.
Galimoto lanu lija tinalikankha kangati pa Chichiri,
chiperoni chikutilowa m'mafupa,
inu muli phee pachiwongolero, zenera lotsegula,
mukulakatula ndakatulo, kutiuza tikankhe motsata kugunda kwake?

Kuchipatala ndinakupezani mutatha ngati choko cha Lachisanu.
Ndinabwera ndi mawu achitonthozo, onse obwereka.
Munandidula ndi chala, n'kuloza chikwangwani cha pakhoma:
"Taona, mpumiro auika polakwika.
Ndakhala ndikuuyang'ana masiku asanu ndi anayi.
Ukundipweteka kuposa jakisoni."
Tinaseka mpaka chifuwa chinakugwirani.
Kumeneko kunali kutsazikana, ine osadziwa.

Tsiku loika, olankhula anasinthana maikolofoni.
Wina anati mtengo waukulu wagwa.
Wina anati nyumba ya mabuku yapsa.
Wina anabwerezanso za mtengo womwewo.
Ndinayang'ana bokosi, ndikudikira chivundikiro chisunthe,
mufunse funso lanu lija.
Koma munangokhala chete,
koyamba kulola cholakwa chidutse.

Envulopu ndinaitsegulira mu minibasi yopita ku Zingwangwa,
nditapanikizidwa pakati pa thumba la kaunjika ndi zenera.
Ndakatulo yanga ya zaka khumi ndi chimodzi zapitazo,
ija ndinkati munataya.
Ndime yoyamba mwaikhwatcha yonse.
Yachiwiri mwasiyamo mawu anayi okha.
Pa yachitatu inki inayamba kukuthawani,
kufiira kukuzilala, kukuzilala,
mpaka kutsala tinjira tokanda pepala
toti n'kuwerenga ndi chala.
Ndinapendeketsa pepala ku dzuwa la pa Kamba.
Pansi pa mzere wonena za manja a bambo anga onunkha girizi
munakanda kuti:
"Uwu ndi wako. Yambira apa, Ndaziona."

Dzina munalikhoza.

Ndinapitirira siteji yanga.
Kondakitala anandilipiritsanso, sindinatsutse.

Lero m'mawa ndaima pamaso pa ana makumi asanu ndi atatu,
cholembera chofiira m'thumba la malaya,
ndipo mtsikana wina wandipatsa ndakatulo yodzaza mawu aatali.
Ndavula magalasi. Ndilibe tayi.
Ndawapukuta ndi nsonga ya chitenje.

Aphunzitsi, iyi ndalemba usiku umodzi, magetsi atazima.
Ndikudziwa "ngati" wachuluka,
ndipo ndime yachisanu ndi chimodzi ikudzitama.
Komabe ndasiya mpata waukulu m'mbali mwa pepala.
Musafulumire.
Tinazolowera kudikira.