Dayisi Inagwera M'ngalande

Loweruka ku Chilomoni, magetsi atathima kale,
tinali anayi pakhonde, kandulo ili m'chitini cha majarini.
Buku la malamulo linali lofotokopa,
anabwera nalo achimwene a Lekeleni kuchokera ku Joni.
Masamba asanu ndi awiri anaolera m'sutikesi yonyowa,
omwe aja onena za imfa.

Woumba dziko ndinali ine.
Buku linkati nyumba yachifumu pakati pa chipale,
koma ine chipale ndimachionera m'filiji basi,
ndiye ndinaikapo minibasi ya ku Limbe
yomwe kondakitala wake safuna ndalama, amatenga dzina lako,
ukatsika pa Ginnery Corner ngakhale amako sakudziwa.

"Imeneyo si yako," anatero Ndaziona,
"amalume ankaikamba akakhuta kachasu."
Mwina.
Nanga jekete lako la pakaunjikalo unasoka ndiwe?
Koma tikaliona patali timati, Ndaziona uyo.

Kenako dayisi inalumpha tebulo,
kugubuduka, m'ngalande chubwi.

"Zatithandiza," anatero Lekeleni.
"Malamulo n'nga apolisi apamsewu. Tizingokamba."
Tinakambadi.
Lekeleni anamenya kondakitala, n'kupambana.
Ndaziona anamera mapiko.
Aliyense wotsegula pakamwa ankapambana,
nkhani n'kusukuluka ngati Fanta yotsegula dzulo.

Asiyatu yekha anali duu.
Munthu wake, mayi wogulitsa makala a ku Michiru,
amene anamusewera miyezi isanu yathunthu,
anali chiimire m'mphepete mwa Mudi utasefukira.
"Ndiwoloka," anatero, maso ali pa ine.

Ndikati wawoloka, ndamukondera.
Ndikati wakokoloka, ndamupha ndi pakamwa pangapa,
chonsecho Lolemba tikwera minibasi imodzi.
Apo m'pamene ndinaisowa dayisi ija,
kanthu kopanda m'bale,
kosapita ku maliro a munthu.

Asiyatu anatola chitsekerero cha botolo pansi.
"Chikagwa chagada, ndafa.
Chikagwa chafufumimba, ndili kutsidya."
Lamulo limodzi lokha, lake lake,
ku Joni sakulidziwa.

Anachiponya m'mwamba.
Lawi la kandulo linawerama.
Chinagwa cham'mbali, n'kumazungulira pasimenti,
kuzungulira, kulowa kunsi kwa tebulo,
magetsi n'kuyaka,
ana a m'nyumba zonse kukuwa kuti ayaka, ayaka,
ife osadzutsa n'komwe mitu,
anayi tonse chogwada, kupuma talekeza.