Wolemba Zikwangwani wa pa Chitakale

Iwo amakhala m'chipinda cha khonsolo,
mabotolo a madzi atandandalika patebulo.
Ine ndimadikira panja, pansi pa mpeyala,
chitini cha penti pakati pa mapazi.
Akatha kukweza manja
kalaliki Namakhwa amatuluka ndi kapepala:
"Likhutcha, lemba izi. Zilembo zikhale zofiira."

Choyamba chinali cha kuseri kwa depoti:
OSAKODZA PANO. CHINDAPUSA K5,000.
Ndinachilemba Lachiwiri, mpango uli pamphuno.
Pofika Lachisanu wina anali atakanda ndi msomali
zilembo zitatu zoyambirira,
ndipo chikwangwani changa chinayamba kuitana anthu.

Za anyamata a kabaza anakangana masiku awiri.
Wina ankati alandidwe njinga,
wina ankati mavoti ali pa njinga zomwezo.
Anagwirizana za helemeti.
Mphwanga Yosafati ndi anzake asanu ndi mmodzi
anasonkherana n'kugula imodzi,
imagona pamsomali pa siteji,
imavalidwa ndi yekhayo wolowera kumene kuli rodibuloko.
Mutu umodzi wotetezeka, ina isanu ndi umodzi ili m'manja mwa Mulungu.

Ku Likhubula ananditumiza pa galimoto ya boma.
OSADULA MKUNGUDZA.
Thabwa lomwe anandipatsa
linkanunkhira bwino, fungo lija la m'phiri
lomwe njenjete zimathawa.
Ndinalinunkhiza kawiri.
Sindinafunse. Ana anga amadya penti yomweyi.

Ndiye kunabwera mayi Nalivata,
khansala woti zala zake zikadali zakuda
ndi zaka khumi ndi zinayi zothyola tiyi.
Ndinamva mawu awo kudzera pawindo:
"Mwakweza chindapusa kachitatu.
Chimbudzi cha mumsika chili ndi loko
chiyambire chaka cha namondwe.
Munthu wachokera ku Muloza ndi dengu la zinanazi,
mukuti apite kuti?"
Kunali zii.
Wina anatsokomola n'kutchula bajeti.
Wina anati nkhaniyo si ya pa ajenda.
Kiyi anapezeka patatha miyezi inayi
m'thumba la jekete la munthu amene anapuma ntchito.

Tsiku limenelo ndinalemba mawu amodzi okha
ndi muvi woloza kumanzere.
Palibe anachikanda.
Kuseri kwa depoti kukununkhabe, sindinama,
koma tsopano udzu wayamba kumera
ndipo mayi wina akuwotcherapo chimanga.

Lamulo lili ngati penti.
Ukapaka pakhoma lonyowa limasupuka,
ngakhale ugule ya mtengo wapatali.
Izi ndikanawauza akanandilowetsa,
koma wa burashi salankhula mumsonkhano.

Mwezi wathawu anafika pa mowa.
MABALA ASATSEGULIDWE NTHAWI YA NTCHITO.
Ndinalemba mosamala, dzanja likunjenjemera pang'ono,
pakuti linali lisanalandire kanthu chim'mawa.
Chiperoni chinali chitatsika, phiri osaoneka,
kuzizira kolowa m'mafupa.
Namakhwa anandiwerengera ndalama zanga,
ine ndinangowoloka msewu
n'kugogoda chitseko cha kumbuyo kwa Muhiwa.

Anandipeza ndisanafike pakati pa botolo.
Wapolisi, mwana wamng'ono, wa ulemu wake,
analoza kutsidya:
"Bambo, simunawerenge chikwangwani?"
Ndinamuonetsa zikhadabo zanga, zofiira.
Sanaseke.
Risiti nambala wani ili ndi dzina langa,
ndalama inabwerera komwe inachokera
penti isanaume.

Mkazi wanga akuti limeneli ndiye lamulo labwino,
akufuna akathokoze khonsolo yonse ndi nkhuku.
Ine sindinaganize bwino.
Mawa akukambirana za zimkuzamawu za usiku,
za maliro, za mapemphero, za ukwati,
ndipo theka la iwo ndi akulu a mpingo.
Ndatsuka burashi.
Ndikakhala pansi pa mpeyala, ndione
amene ayambe kukweza dzanja.