Kope la M'thumba

M'buku lalikulu la pakauntala ku Kawale
ndimalemba zimene usiku wasanza.
Mnyamata wapezeka m'ngalande ku Mchesi, nsapato imodzi.
Mayi wabwera diso lili psuu, akuti chinali chitseko.
Cholembera sichinjenjemera.
Dzanja linaphunzira kalekale kunamiza mtima.

Kukacha ndimavula yunifomu,
koma fungo la kumochale limakwera nane minibasi
mpaka ku Biwi, osalipira.
Mayi a Tadala akafunsa za kuntchito
ndimati zili bwino,
ngati ndikupereka lipoti kwa bwana.
Tulo timabwera ndi nkhope za anthu
amene sindinawadziwe ali moyo.

Zalimba, amene tinalowa naye ntchito tsiku limodzi,
ankaimba likhweru ngakhale pa rodibuloko.
Likhweru linatha. Kenako mawu.
Atamulanda mfuti, anyamata anaseka kukantini.
Ndinaseka nawo. Ndinkaopa kuti andiona.

Ndi Sajeni Nachisale amene anandiona.
Anandiponyera kakope ka ana asukulu:
"Buku lalikululo ndi la boma. Ili ndi lako.
Uzilembamo chimene sichinafe lero."
Ndinati ndi zachibwana.
Linakhala m'thumba milungu itatu, likumwa thukuta.

Tsamba loyamba: mwana wosochera ku Depoti
tam'peza ali mtulo pa matumba a mtedza;
mayi ake am'menya kambama, kenako am'bereka, wamkulu kale.
Lina: wakabaza wabweza foni ya mwini.
Lina: mayi uja wabweranso yekha,
wakhala pansi, wati, "Bwana, sichinali chitseko."

Masamba ena ndi oyera mbee.
Sindiwang'amba.

Lachinayi ndimapita ku Bwaila nditavala malaya wamba,
kukhala pabenchi ngati wina aliyense.
Namwino wake sanditchula bwana.
Ulendo wachiwiri ndinalira, mamina ndi misozi,
denga silinagwe,
ndipo Lolemba ndinaima pa pelete, nsapato zikuwala.

Chiyembekezo sichilipira lendi.
Malipiro amathabe mwezi usanafike pakati,
mvula ikagwa kauntala imadonthabe.
Koma usiku ndikafika pa mlatho wa Lilongwe
ndimayang'ana kutsidya, osati pansi.

Mawa ndikupita kwa Zalimba ku Chinsapo.
Ndam'gulira kope mumsika wa Tsoka.
Mwina akaliponya m'ngalande, akanditukwana.
Chenji ndasunga,
n'chokwanira lina.