Mitengo Iwiri

Mvula ikagwa Lachinayi ku Chinamwali
mabala amangoti zii,
ine n'kumawerenga madontho padenga
ngati ndi ndalama.

M'kachikwama kanga muli makondomu asanu ndi imodzi.
Anandipatsa anamwino a ku Matawale,
aja safunsa za mwamuna,
amangoti, "Esinala, atha kale aja?"
n'kuseka, n'kuwonjezera ena.
Koma anamwino sagona kuno.

Walowa wa lole ya matabwa, wotsika kuphiri,
utuchi udakali m'tsitsi.
Akuti switi sadyera m'pepala.
Waika faifi sauzande pampando,
kenako ina,
kenako ina,
akundiyang'ana ngati akutsatsa mbuzi pa Songani.

Mai Kaliwo akufuna ya nyumba pofika Loweruka.
Yankho anam'bweza kusukulu dzana, ya mayeso.
Anthu amenewa amalowa nane m'chipinda,
amakhala m'mphepete mwa bedi osaoneka,
amawerenga nane zili pampandozo.

Asiyatu ankati mlendo savuta,
umamuuza, akakana khomo ndi ilo.
Wovuta ndi wa masiku onse,
wokugulira mayunitsi,
wodziwa dzina la mwana wako,
amene tsiku lina amagwetsa nkhope, amvekere,
"Mpaka lero sundikhulupirira?"
Asiyatu anakhulupirira.
Pano ali kwawo ku Jali,
amandiimbira ikasowa yokwerera kukatenga mankhwala.

Chaka chatha wapolisi anakhutula chikwama changa pamsewu,
anakweza paketi m'mwamba ngati wapeza chamba.
"Umboni si uwu?"
Sabata yonse ndinayenda chimanjamanja,
kuopa chinthu chondipulumutsa.

Mowa nawo ndi mfiti.
Botolo lachitatu likatha, pakamwa pamaiwala kukana.
Lero ndamwa Fanta basi,
n'chifukwa chake mtima ukugunda chonchi,
ndikuona zonse bwinobwino.

Ndatola imodzi.
Ziwirizo ndazikankha ndi chala,
ndaika paketi pamwamba pake.

Watsonya.
Walanda ndi ya m'manja yomwe,
wavala jekete, mvula yam'landira.

Ndamva chitseko cha nambala folo chikulira.
Muli kamtsikana ka ku Mayaka,
kanabwera mwezi watha ndi zovala m'jumbo,
sikanadziwe kuti kuno mitengo ndi iwiri
ndipo wachiwiriwo umalipira ndiwe.

Ndakhala pabedi, nsapato kuphazi.
Asanu ndi imodzi aja akadali asanu ndi imodzi.
Kukacha ndikagogoda pa folo, ndikam'gawire atatu.
Za Mai Kaliwo sindikudziwa.
Loweruka ndi mkuja.