Zikwangwani za m'Garaja

Ndazipeza zitatsamira khoma, kuseri kwa matayala akale.
TOLLEFSRUD, zilembo zoyera pa pulasitiki yofiira,
zina zinapindika ndi chisanu,
chimodzi chili ndi bowo la chipolopolo pakati pa O.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene tinakhoma choyamba
m'mphepete mwa munda wa mpendadzuwa wa a Hovland,
ine nditagwira mtengo, atate akumenya ndi hamala,
mphepo ya ku Dakota ikutilanda mawu pakamwa.

Atate ankagulitsa mbewu ndi mchere wa ng'ombe.
Ndale anazilowa chifukwa cha kalata ya msonkho.
Anaiwerenga ataimirira, anaiwerenganso atakhala pansi,
kenako anavala jekete la kutchalitchi, tsiku lili Lachiwiri.

Ku Pierre, m'nyumba ya malamulo,
batani lofiira la pa desiki yawo linasupuka utoto.
Msonkho wa mafuta, ayi.
Kukweza malipiro a aphungu, ayi.
Kulembetsa mfuti, ayi, ndipo apo anachita kuimirira
kuti ayi wawoyo akafike mpaka kukhomo.
Anzawo anawatcha Bambo Ayi.
Dzinalo analivala ngati chipewa chatsopano.

"Boma lilibe ndalama," ankatero patebulo.
"Ndalama ili ndi mwini wake,
ndipo mwini wakeyo amadzuka folo koloko kukakama mkaka."
Ine ndinkatsutsa. Tinkakangana za masukulu,
za kutaya mimba, za nyengo yosinthayi,
mpaka mbatata kuzizira m'mbale.
Amayi ankangotola mafoloko.

Januwale aliyense ankanyamuka kusanache,
maola atatu pa msewu woterera,
khofi m'fulasiki, Baibulo ndi mabilu pa mpando wa pambali.
Akabwerako, madandaulo ankawamvera m'sitolo,
atakhalira thumba la mbewu, pensulo ili kukhutu.

Kenako usiku uja.
Chipatala cha m'tauni mwathu chinali chitatsekedwa chaka chathunthu.
Chipale chofewa chinakwirira mzere wa pakati pa msewu.
Atate ankayendetsa ndi dzanja limodzi,
linalo litagwira dzanja la amayi.
Amayi anakafika kuchipatala chakutali ali moyo.
Anangofika basi.

Chaka chotsatira kunabwera bilu ya zipatala zakumidzi,
kamsonkho katabisala pa tsamba lachitatu.
Anakaona. Ankawerenga tsamba lililonse munthu uja.
Amene analipo akuti chala chinazungulira pa batani lofiira
ngati galu wofuna pogona,
n'kukagwera pa lobiriwira.
Kamodzi kokha m'zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Colton Rehfeld, mnyamata wometa bwino,
amene atate anamuphunzitsa Sande sukulu,
anasindikiza nkhope yawo pa timapepala totuwa:
WAKALAMBA, WAFEWA, WATIGULITSA.
Pa chisankho cha chipulula anawaposa ndi mavoti makumi asanu ndi atatu.
Ena mwa mavotiwo timawadziwa maina.
Amatipatsabe moni ku positi.

Usiku womwewo anamuimbira foni mnyamatayo kumufunira zabwino,
anamuuza hotela yotchipa ya ku Pierre
ndi pakhota pamene msewu umanyenga kukazizira.
Atatero anatenga tochi ndi lole,
n'kukazula zikwangwani zonse okha, munda ndi munda,
mpaka kum'mawa kutayera.

Lero ali pakhonde, bulangete pamaondo.
Dokotala wati achepetse mchere, ayi.
Ndati adzakhale nane ku Sioux Falls, ayi.
Mawaya a zikwangwani zina anachirikizira matimati kuseri,
ndipo abereka bwino chaka chino.

Ndatuluka ndi chikwangwani cha bowo chija m'manja.
Ndati, batani lobiriwira lija, mumadandaula nalo?
Ayang'ana kumunda nthawi yaitali.
"Ayi."
Ndati, nanga izi, nditaye?
Sanayankhe. Angotambasula dzanja,
n'kulowetsa chala pa bowo la O.