Manunda a Chitsulo

Ndayala zitsulo zitatu pa thumba la simenti
kuseli kwa galaja yanga, kufupi ndi mlatho wa Shire,
pomwe fumbi la malole a ku Namwera limatera pa girizi.
Kamushafuti iliyonse ili ndi manunda ake.
Iyi, ngati mazira a nkhanga.
Iyi, ngati mawondo a munthu wogwada pa swala.
Yachitatuyo njotupa masaya, yamwano,
ndipo ndiyo Twaibu waloza ndi kiyi wa njinga yake.

Anaiona pa foni, akutero,
boti likung'amba madzi ngati chitenje chakale,
injini ikubwebweta ngakhale ili pa silo,
anthu pa doko atagwira pakamwa.

Ndamufunsa: kodi umanyamula chiyani?
Madzi oundana, mabokosi khumi ndi awiri popita,
chambo pobwera kuchokera ku Makanjira,
ndiye nthawi zina, mvula ikadula msewu,
mayi wodwala pakati, ndi azilamu ake atatu,
ndi beseni.

Khala pa tayalapo, mphwanga.
Linunda ili ndilo limauza vavu nthawi yoyasama,
kukula kwa kuyasamako,
ndi nthawi yotseka pakamwa.
Basi. Mpweya wonse wa injini uli pa kamsana aka
kamene chala changa chaphimba.

Galimoto ili ndi magiya, imapumira pamtsetse.
Boti lilibe mtsetse.
Nyanja ndi chitunda chopanda nsonga,
umakwera kuyambira pa doko mpaka pa doko.
Chitsulo chako chamwanocho mphamvu zake zili kumwamba,
komwe injini ikukuwa;
pansi pano, pomwe uyenera kudzutsa mphuno ya boti
lolemedwa ndi ayezi, mwera ukukankha pachifuwa,
chimangotsokomola ngati wosuta chingambwe.

Palinso kanthawi, kochepa kuposa kuphethira,
pomwe makomo onse awiri amakhala otsegula,
wolowa ndi wotuluka akupatsana moni.
Pamtunda ndi ulemu chabe.
Pamadzi, ukautalikitsa moniwo,
paipi ya utsi imapuma chobweza
ndipo nyanja imalowa nawo m'nyumba osaodira.

Sindinawerenge m'buku zimenezi.
Chaka chomwe Hawa wanga anamera mano
ndinaika chotere m'boti la malemu Che Likagwa.
Masiku anayi tinali mafumu, ana akutithamangira.
Lachisanu, tikuchepetsa moto pafupi ndi Boadzulu,
injini inamwa.
Tinapalasa ndi thabwa la mpando kuyambira m'mawa,
akakowa akutiyang'ana.
Nditamasula, ndinapeza kondirodi itapindika ngati chikwakwa,
oyilo atasanduka thobwa.
Mkuluyo sanandikalipire. Anangosiya kundipatsa moni,
ndipo anapita kumanda asanayambirenso.

Ndiye ndatembenuza lisiti, ndalemba manambala kumbuyo:
kukwera pang'ono kuposa ya kufakitale,
kutsegula kosachedwa kutseka,
manunda otalikirana, kuti moni uja afupike.
Pepala lipita ku Limbe ndi minibasi ya mawa
kwa mmisiri amene amasema chitsulo ngati wosema mtondo;
akachedwa, milungu itatu.
Masipuling'i tisinthanso, usandiyang'ane choncho,
akale sangapirire.

Twaibu wawerenga ndalama kawiri, wanyowetsa chala.
Wanyamula chamwano chija, wachiyeza m'manja
ngati mwana amene sadzamulera,
wachibweza pa thumba.

Koma idzamveka? wafunsa ali kale pa njinga.
Anthu adzadziwa kuti ndine ndikubwera?

Ndafuna kumuuza za mayi uja ndi beseni lake,
kuti iye sadzafunsa za phokoso.
Koma azana yalira ku mzikiti wa kumsika,
manja anga ngakuda mpaka m'zigongono,
ndipo sopo watha.
Ndangoti: udzafika.